Kompyuta yanga inkafa imfa ziwiri: zomwe ndinalankhula ku kalabu Loweruka

Andiuza kuti ndisadutse mphindi 20, ndiye ndikayamba kutalikitsa mungondikodola. Inu amene mukuwerenga izi pa tsamba la kalabu pa Facebook, awa ndi mawu omwe ndinalankhula Loweruka lapitali. Ndangowakonza pang'ono chifukwa ambiri munali kumaliro simunabwere.

Mukudziwa kuti nditalemba MSCE ndinatsegula kamalo ka magemu kuseri kwa golosale ya atsibweni pa trading pano pa Mvera. Mukudziwanso kuti milungu 5 yoyambirira kamaloko kankakhala kotseka kuposa kotsegula. Ena mwa inu munalipira gemu ya mpira, mukutsogola 2-0, kompyuta n'kuthima, ine n'kukubwezerani ndalama nkhope ili pansi. Wina, sinditchula dzina koma wakhala kumbuyoko akuseka, ankati ndimazimitsa dala mnzanga akamaluza. Lero ndikuuzani chomwe chinkachitika, chifukwa ndamva kuti awiri mwa inu mukufuna kumanga yanuyanu, wina ya nyimbo, wina yokonzera mavidiyo a maukwati.

Ndiyambe ndi momwe ndinaimangira, poti vuto linayambira pomwepo ngakhale ine sindinaone. Kompyuta ya magemu yatsopano ya m'bokosi sindikanaikwanitsa. Chichokereni Novembala 2023 pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, chilichonse chochokera kunja mtengo wake umangochiyang'ana n'kupitirira. Ndiye ndinachita zotolatola. Achimwene anga ali ku Joni ananditumizira zinthu zitatu zogwirapo kale ntchito kudzera mwa amatransipota: processor ya Ryzen 5 3600, motherboard ya B450, ndi graphics card ya RX 580 ya 8 GB. Zotsalazo ndinakagula ndekha ku Lilongwe. SSD, bokosi lomwe linabwera ndi power supply yake m'kati, ndi RAM ziwiri za 8 GB iliyonse. RAM zimenezi sindinagule tsiku limodzi, ndalama sinalipo pakamodzi. Yoyamba ndinagula mu Ogasiti pa benchi ina, yachiwiri mu Seputembala pa benchi inanso. Musunge zimenezo m'mutu. Ndalama zake, zina n'za soya wanga wa chaka chino, zina amayi anakatenga ku banki mkhonde m'dzina lawo. Ndiye mukamva kuti kompyuta ikuthima, dziwani kuti kunyumba kunali munthu amene amayenera kukaonekera pagulu la amayi anzake sabata iliyonse ali ndi kena m'manja.

Ndinaimanga usiku umodzi ndikuonera YouTube pa bandulo ya usiku. Nditadina batani, mafani n'kuzungulira, sikirini n'kuyaka, ndinadzimva ngati injiniya. Masiku awiri inayenda bwinobwino. Tsiku lachitatu inayamba.

Apa ndiye pali zolakwa zanga, ndipo ndizinena zonse kuti inu musazibwereze. Choyamba ndinati ndi vairasi, poti ndinaikamo magemu kuchokera pa fulashi ya mnzanga yomwe yayenda m'makompyuta onse kuyambira pa Chezi mpaka ku Salima. Ndinafomata, n'kuika Windows yatsopano. Inathimanso. Ndinati mwina Windows yakeyo ndi yoipa, n'kufomatanso. Katatu konse, anzanga, ndipo ulendo uliwonse ndikugula bandulo yotsitsira ma driver. Kenako ndinayamba kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi: lero ndachotsa driver, ndasuntha RAM, ndasintha soketi, ndatsegula chivindikiro cha bokosi, zonse madzulo amodzi. Ikayenda tsiku lonse ndinkati yachira, osadziwa kuti chachiritsa n'chiti. Ikathimanso mawa lake ndinalibe poyambira.

Azakhali atabwera kudzaona anangoti, mwanawe, anthu sakondwa ukamatukuka, kodi unauza angati za bizinesi imeneyi? Ndinaseka, koma usiku umenewo ndinaganizaganiza ndithu, sindikunamizani. Cholakwa chachikulu kuposa zonse chinabwera sabata yachitatu. Ndinaona kuti imathima kwambiri gemu ikafika pothina, ndiye ndinagamula kuti ndi graphics card. Ndinali nditawerenga kuti ma RX 580 ambiri anagwiritsidwa ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za pa intaneti zija, ena n'kumagulitsidwa atatopa. Ndinatumiza voice note kwa achimwene, mawu ali m'mwamba, kuti akupusitsani, mwanditumizira chakufa, ndalama za amayi zalowa m'madzi. Munthu amene amadzuka 4 koloko m'mawa kukagwira ntchito m'dziko la eni, anadzimana kuti andigulire. Anangoyankha kuti "chabwino" basi. Sabata ziwiri sanandiimbirenso.

Chomwe chinandithandiza si pulogalamu ayi, ndi kope la masamu lomwe linatsala ndi mapepala kumapeto. Mnyamata wina wokonza makompyuta ku Lilongwe, amene ndinamudziwira pa gulu la WhatsApp, anandifunsa funso limodzi: ikamathima imathima bwanji? Ndinati imangothima. Anati ayi, pita ukalembe. Nthawi yake, unkachita chiyani, sikirini inaonetsa chiyani, mafani anapitiriza kuzungulira kapena anaima, babu la m'chipindamo linkawala bwanji. Anati iwe wa ku Mvera ukulephera kumvera makina ako omwe? Ndinalemba masiku 6 osakhudza chilichonse, ndipo kudziletsa kumeneko kunali kovuta kuposa kufomata.

Nditawerenga kopelo ndinaona chomwe chinali pamaso panga nthawi yonseyi. Kompyutayo inkafa imfa ziwiri zosiyana. Imfa yoyamba, sikirini inkasanduka ya buluu, n'kulemba mawu pansi, kenako n'kudziyatsanso yokha. Iyi inkabwera nthawi iliyonse, m'mawa, masana, ngakhale ndikungolemba kalata ya munthu mu Word. Mawu ake ankasinthasintha, lero MEMORY_MANAGEMENT, mawa IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL. Imfa yachiwiri panalibe buluu, panalibe mawu. Imangoti phi, ngati wina wazula pulagi, mafani zii. Iyi inkabwera pa gemu pokha, ndipo mwa maulendo 9 omwe ndinalemba, 7 anali pakati pa 5 koloko ndi 8 koloko madzulo. Ine milungu yonseyi ndinkafunafuna wakuba mmodzi pomwe m'nyumba munalowa awiri.

Windows nayo ili ndi kope lake, kungoti ambiri sitilitsegula. Mukalemba "reliability" pa Start mupeza Reliability Monitor, imaonetsa tsiku ndi tsiku pomwe makina anagwa. Mu Event Viewer mupeza chotchedwa Kernel-Power 41. Apa samalani, chifukwa anthu ambiri akaona mawu oti Power amathamanga kukagula zinthu. Nambala 41 imangonena kuti kompyuta inazima mosatsanzika, sinena chifukwa chake. Koma mukatsegula m'kati mwake muli mzere wa BugcheckCode. Pa imfa za buluu pamakhala nambala. Pa imfa za phi zija panali 0, kutanthauza kuti Windows sinapeze ngakhale mpata wolemba kuti ndikufa. Zomwe ndinalemba ndi bolopeni ndi zomwe makina analemba okha zinagwirizana.

Kutentha ndinakuchotsa msanga pa mndandanda wa oganiziridwa. Okutobala kuno kumatentha ngakhale sitifika pa Salima, ndipo fumbi la pa msewu limalowa paliponse, ndiye ndinkakukayikira. Ndinaika HWiNFO, kapulogalamu kaulere koonetsa kutentha. Processor inkafika madigiri 78 pa gemu, pomwe malire a Ryzen 5 3600 ndi 95. Ndinapukuta fumbi ndi kaburashi, n'kusiya nkhaniyo.

Tiyambe ndi wakuba woyamba, wa buluu. Mawu a sikirini ya buluu akamasinthasintha chonchija, woyamba kumufunsa ndi RAM. RAM ndi pomwe kompyuta imaika zomwe ikugwira panthawiyo, ngati tebulo la telala. Ikalemba 1 n'kukawerenga 0, pulogalamu iliyonse yomwe inali pamalopo imagwa, n'chifukwa chake dzina la vuto limasintha tsiku ndi tsiku. Pali pulogalamu ya MemTest86, mumaiika pa fulashi, kompyuta n'kuyakira pa fulashipo osalowa mu Windows. Imalemba manambala mu RAM yonse n'kumawawerenganso, maulendo 4. Imatenga maola, ndipo ulendo woyamba magetsi anazima ili pakati, ndinayambiranso mawa lake. Lamulo lake ndi losavuta: cholakwika ngakhale chimodzi ndi vuto. Kwa ine zinatuluka zofiira mphindi 40 zisanathe.

Mtima unati RAM imodzi ndi yakufa, ndibwerere ku Lilongwe ndikakangane ndi wa pa benchi uja. Koma tsopano ndinali nditaphunzira kusintha chinthu chimodzi basi. Ndinachotsa imodzi, n'kuyesa yotsalayo yokha. Inadutsa bwinobwino. Ndinasinthanitsa, inayonso inadutsa. Zonse ziwiri zamoyo, koma zikakhala limodzi zikulakwitsa. Nditatsegula CPU-Z, pa tsamba la SPD, ndinaona kuti ndi zochokera ku mafakitale awiri osiyana, ina inapangidwira liwiro la 3200, inayo 2666. Ndipo ine usiku womanga uja, potsatira munthu wa pa YouTube amene RAM zake zinali zofanana za m'paketi imodzi, ndinalowa mu BIOS n'kuyatsa XMP, yomwe inakankhira zonse ziwiri pa 3200. Zili ngati kumanga ng'ombe ndi bulu pa ngolo imodzi n'kumakwapula kuti zithamange liwiro la ng'ombe. Ndinazimitsa XMP, n'kuika liwiro pa 2666, n'kuonetsetsa kuti zakhala m'mipata yomwe buku la motherboard likunena, wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa processor. MemTest86 inayenda usiku wonse popanda chofiira. Kuyambira tsiku limenelo sindinaonenso buluu. Sindinalipire tambala. Pa gemu ya mpira kusiyana kwa 3200 ndi 2666 palibe mmodzi wa inu amene anakuzindikira, nanga si mumasewerabe.

Wakuba wachiwiri ndiye anandidyera ndalama, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ambiri timagwa. Tikamagula timafunsa za processor, za RAM, za khadi. Power supply timangoti bola ilipo. Koma kabokosi kameneko ndi komwe kamatenga magetsi a pa khoma, omwe kuno ku Malawi amayenera kukhala 230 V, n'kuwasandutsa 12 V, 5 V ndi 3.3 V zomwe zida za m'kati zimadya. Yanga inalembedwa 500W ndi zilembo zikuluzikulu zofiira. RX 580 amati imafuna power supply ya 500 W, ndiye ndinkati ndili bwino.

Mnyamata wa ku Lilongwe uja anati ujambule chipepala cha pambali pakepo, osati zilembo zazikuluzo, tizilembo tating'ono. Pansi pa +12V panalembedwa 18A. Masamu a Fomu 3 aja omwe tinkati adzatithandiza chiyani: mphamvu ndi ma volt kuchulukitsa ndi ma amp. 12 kuchulukitsa ndi 18 ndi 216 W. Processor ndi graphics card zonse zimadya kuchokera pa 12 V pomwepo. RX 580 payokha imafika 185 W, Ryzen 5 3600 ndi 65 W pa pepala ndipo ikalimbikira imadutsa pamenepo. 185 kuphatikiza 65 ndi 250. Ndinkapempha 250 kwa chinthu chomwe mwini wake analemba kuti chimatha 216. Ukamalemba kalata khadi limakhala likugona, zonse zimayenda. Gemu ikafika pothina khadi limakoka mphamvu zonse, power supply n'kudzizimitsa. Ndipo ndiyamike kuti inkadzizimitsa, zina zimangopsa n'kutenga motherboard ulendo umodzi.

Chinanso chomwe ndikuchita nacho manyazi: power supply imeneyo inalibe waya wa mapini 8 wolowa mu khadi. Zimenezo zokha zinkayenera kundiuza kuti sinapangidwire ntchito imeneyi. Ine ndinangogula ka adaputa kolumikiza ku mawaya a ma hard disk akale. Nditakachotsa, pulasitiki yake inali itayamba kuda mbali imodzi. Chipinda chimenecho chagundana ndi golosale ya atsibweni, muli shuga, mafuta ophikira, zonse. Sindinawauze mpaka lero, ndiye amene muwerenge izi musakathamange kukanena, ndikawauza ndekha.

Musanagule chilichonse pali njira yoyesera yaulere. Mu pulogalamu ya AMD yoyendetsera khadi muli poti mutha kutsitsa power limit. Ndinatsitsa ndi 30 peresenti, kuti khadi lisamakoke kwambiri. Kuthima kwa masana kunatheratu. Kuti nditsimikize, poti Ryzen 5 3600 ilibe graphics yakeyake ndiye sungayatse kompyuta popanda khadi, ndinalikulunga mu thaulo, n'kukwera minibasi, n'kukaliika mu kompyuta ya mnyamata uja. Linathamanga maola atatu pa FurMark, pulogalamu yolipanikiza mpaka mapeto, osaphethira. Ndili m'minibasi pobwerera ndinamvetseranso voice note ija ndinatumiza ku Joni. Sindinaimalize.

Nanga za madzulo zija, 5 koloko mpaka 8? Mu kope ndinalemba kangapo kuti babu linachita ngati likufuna kuzima. Ndinapempha bambo wina wodziwa zamagetsi kuti adzayeze pa soketi ndi multimeter yawo. Inu musamayese nokha ngati simunaphunzire, 230 V si yosewera nayo. M'mawa anapeza pafupi ndi 230. Madzulo, aliyense atayatsa zake, chigayo chikulira ndipo wowotcherera akumalizitsa ntchito, inkatsika kufika pansi pa 200. Chipepala chija cha power supply yanga chinalembedwa 220–240 V. Ndiye chinthu cholemedwa kale, ukuchipatsanso magetsi operewera. Anapezanso kuti extension yanga yotchipa ija inalibe waya wa earth ngakhale pulagi yake ili ndi mano atatu, n'chifukwa chake bokosi linkandinyerenyetsa ndikaligwira ndili chopanda nsapato. Anandikokera soketi yabwino pakhoma.

Power supply ina ndinagula yogwirapo kale ntchito, ya 550 W, koma ulendo uno ndinawerenga chipepala ndisanatulutse ndalama. +12V, 45A, ndiye kuti 540 W. Polowera magetsi yalembedwa 100–240 V, kutanthauza kuti magetsi akatsika kufika 190 iyo imapitirirabe. Ili ndi waya wakewake wa mapini 8. Ndipo ukainyamula imalemera, pomwe yakale ija inkapepuka ngati chitini chopanda kanthu. Ndinauza wogulitsayo kuti tiiyese pomwepo ndi gemu kwa mphindi 30, anang'ung'udza koma analola. Ndalama yake ndinagulitsa mbuzi yanga imodzi yomwe ndinkasungira fizi ya kosi. Yakale ija ndaisunga pa shelefu kuti ndizionetsa anthu, koma chonde, power supply musamaitsegule m'kati. Muli ma capacitor omwe amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi.

Wina anandifunsa pa khomo kuti bwanji sunangopita nayo kwa okonza poyamba pomwe. Mwina ndikanatero. Koma taganizani, ndikanainyamula kupita nayo ku Lilongwe, akanaiyatsa m'mawa pa magetsi abwino, akanatsegula YouTube, n'kundiuza kuti ilibe vuto, kapena akanaifomata kachinayi n'kundilipiritsa. Vuto lobwera mwa apo ndi apo silionekera pa benchi ya wokonza pa mphindi 10. Amene amakhala ndi makinawo tsiku lonse ndi inu, ndiye umboni uli ndi inu. Ngakhale mukapita kwa wokonza, pitani ndi kope. Mnyamata uja sanaigwirepo kompyuta yanga ngakhale kamodzi, anangowerenga zithunzi za kope langa pa WhatsApp.

Inu awiri amene mukufuna kumanga, ndikupemphani izi. RAM gulani ziwiri zofanana tsiku limodzi, ngati ndalama sikukwana yambani ndi imodzi, ndipo podzagula yachiwiri mutenge chithunzi cha yoyambayo. Mukamaliza kumanga musathamangire kuitana anthu, iyendetseni MemTest86 usiku umodzi kaye. Ndalama ya power supply muiike pambali poyambirira, isakhale ya zotsala. Ndipo ikayamba kuvuta, manja m'thumba masiku angapo, muzingolemba, kenako muzisintha chinthu chimodzi, n'kudikira.

Achimwene ndinawaimbira ndekha, osati voice note. Ndinawauza kuti khadi lawo ndi labwino, wolakwa ndinali ine. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati amayi amaliza kubweza ku banki mkhonde. Ndinati kwatsala magawo awiri. Anati ndiwauze tsiku lake, koma ndakana, ndikufuna ichoke pa magemu pomwepa.

Lero ndi tsiku la 24 kompyuta isanathime yokha. Magetsi akazima ndiye imazima ndithu, UPS sindinaikwanitse, ndipo kuzima kotero kukhoza kuononga mafayilo, n'chifukwa chake mukaona ndikukuuzani kuti tisevu msanga mitambo ikachita mdima musamati ndikukuthamangitsani. Mvula ikayamba, kukachita ziphaliwali ndizizula pulagi ngakhale gemu ili pa mapenate, mundikhululukiretu. Loweruka likubwerali 2 koloko nditsegula bokosi kuti amene akufuna aone m'kati, ndibweretsanso power supply yakale ija ndi ka adaputa kakuda kaja. Bwerani ndi kope ndi bolopeni. A Tcheya akundikodola.